Njinga Inawerama Zala Zitatu

Anthu ankamutchula kuti Tulo, ndipo iye sankakana dzinalo chifukwa kukana kumafuna mphamvu. Galaja yake inali ya malata anayi ndi benchi imodzi. Dzuwa likafika paliwombo ankagona pabenchipo, sipanala ili pachifuwa ngati khanda, n'kumalota akuyendetsa njinga yamoto pamsewu wopanda maenje, wopanda apolisi, wopanda okwera onenepa. Koma akakhala maso, m'dera lonselo munalibe makaniko wodziwa kutsogolo kwa njinga ngati iyeyo.

Kutsogolo kwa njinga yamoto kuli mapaipi awiri ogwira tayala, omwe amakaniko amati mafoloko. Mapaipiwo amalowa m'chopanira chimene chili pansi pa chiwongolero. Ukamasula mabawuti n'kulola kuti mitu ya mapaipi itulukire pamwamba pa chopaniracho, njinga imawerama. Ukaibweza pansi, njinga imadzutsa mutu. Tulo ankati njinga ili ngati munthu: yodzichepetsa imakhota msanga, yonyada imangopita kutsogolo ngakhale ikuona khoma. Sankayeza ndi tepi. Ankayeza ndi zala, ndipo njinga iliyonse ya m'deralo ankaidziwa: iyi chala chimodzi, iyo ziwiri, ya abusa palibe, poti abusa amaweramitsa ena.

Lachitatu masana, ali pakati pa msewu wa m'maloto uja, wina anamukoka chala cha kuphazi. Anali mlongo wake, mpango uli pambali, maso ali psuu.

Nkhani inali yakuti mwamuna wake, amene ankanyamula anthu panjinga yamoto ndipo anzake ankamuti Mlongoti chifukwa cha kutalika, anali m'chitolokosi. Dzulo lake masana munthu wina wovala chisoti chachikasu, ali panjinga yabuluu, anatsomphola bokosi la bambo wogulitsa magalasi a maso n'kuthawa nalo. Njingayo inali ya Mlongoti, chisoti chinalinso cha Mlongoti. Koma Mlongotiyo anali chigonere kuyambira Lolemba, dzino litamutupitsa tsaya ngati buledi, ndipo njinga, chisoti ndi kiyi anazisiya kushedi kumene oyendetsa njinga amasungitsa. Anakaitenga Lachitatu m'mawa, ndipo apolisi anamugwira asananyamule ndi munthu mmodzi yemwe. Mlongoyo anakafotokoza zonsezi kupolisi, koma mayi sajeni anamuyankha kuti umboni wa mkazi wa munthu umalemera ngati nthenga ya nkhuku.

Tulo anafunsa kuti nanga mkulu wosunga shedi uja, a Makiyi, ananena zotani. Mlongoyo anati a Makiyi akuti Lachiwiri kunabweradi munthu wovala chisoti n'kuima pachipata, iwo n'kumuyesa mwini wake, poti aliyense akudziwa kuti maso awo ndi nkhungu yokhayokha.

"Mawa m'mawa akupita naye kukhoti," anatero mlongoyo. "Achimwene, ngati ndi tulo, mudzagona Lachisanu."

Tulo anaika sipanala m'thumba la ovolosi, n'kuyang'ana benchi yake ngati munthu wotsanzikana ndi chibwenzi.

*

Tulo anamupeza wamagalasi uja pamalo ake a masiku onse, pakhonde la sitolo ya penti, atakhala kuseri kwa tebulo lopanda kanthu. Anali bambo wa mawu akuluakulu, wolankhula ngati akulengeza ngakhale pamene akupempha madzi akumwa. Anati magalasi ake si a masewera, ndi a nambala zosiyanasiyana, ndipo aliwonse amawamanga kaulusi kofiira kumwendo wakumanzere kuti akuba azichita manyazi. Anatinso iye sagulitsa mwachisawawa. Wogula aliyense amamuimika pakhondepo n'kumupatsa nyuzipepala kuti awerenge mokweza, anthu amve okha kuti mankhwala agwira.

Tulo anafunsa ngati ogula amakondwera nazo zimenezo. Wamagalasi anati ena amakondwera, ena amachita chibwibwi anthu n'kuseka, koma kuseka sikunaphepo munthu. Anawonjezera, popanda womufunsa, kuti maso a munthu wokula ali ngati m'bale wolemera: amaona za kutali, za pafupi saziona.

Za wakubayo, iye sanaone zambiri. Pa nthawiyo anali atavula magalasi ake enieni n'kuwaika m'bokosi momwemo kuti apukute thukuta.

"Ndinaona mtambo, bambo. Mtambo wabuluu, pamwamba pake dzira lachikasu. Unabwera, unatambasula dzanja, unapita. Ine ndinatsala ndikupukuta nkhope, bizinesi yonse itakwera kumwamba."

Koma makutu ake analibe nkhungu. Anati mtambowo utalowa m'kanjira ka kuseri kwa telala n'kudumpha ngalande, anamva kuti kho, ngati wina wamenya poto, kenako hutala inalira yokha kamodzi, mawu ake osasa ngati mbuzi ya chimfine.

Tulo anatseka maso. Wamagalasi anaganiza kuti wagona, koma iye ankamvetsera kho ameneyo, kumutembenuza uku ndi uku m'mutu mwake.

*

Telala ankalankhula mapini ali kukamwa, mawu ake akutuluka pang'onopang'ono ngati ulusi. Munthu ameneyu nkhope za anthu sankazisunga. Ankasunga miyendo. Anati wanjingayo asanatsomphole bokosi anaima kaye pafupi ndi khomo lake injini ikulira, ndipo anaima ndi zala za kuphazi, chidendene chili m'mwamba ngati mwana wosuzumira pawindo. Buluku lake linali lopinda kawiri kumapazi. Anati zimenezi anawauza mayi sajeni, koma iwo anayankha kuti sanabwere kudzasoketsa.

Tulo anatuluka kukaona kanjira kaja. Kanali kopapatiza moti wilibala ikafuna kulowamo imayamba yapempha. Kanapatuka pamsewu mwadzidzidzi, pakati pa khoma la telala ndi thanki ya madzi, ndipo mapazi asanu kutsogolo kunali ngalande. Kunkanunkhira sopo ndi nsalu zositidwa. Mphaka anagona pakhoma, mchira ukulendewera ngati wotchi yoima.

Anafunsa ngati wanjingayo anaponda pansi pokhota. Telala anachotsa phini imodzi kukamwa.

"Sanaponde. Analowa ngati lumo pansalu ya silika."

Apa mtima wa Tulo unapepuka. Njinga ya mlamu wake anaitchera yekha: chala chimodzi basi, chifukwa munthu wamtali wonyamula azimayi ndi madengu awo amafuna njinga yokhazikika. Njinga yotero singalowe m'kanjira kameneka ikuthamanga. Ingakapsompsone thanki. Anamuuza telala kuti ndiye kuti sinali njinga ya Mlongoti, inali ina yofanana nayo.

Telala anapukusa mutu. Anati chikuto cha mpando wa njingayo anasoka ndi iyeyo, ndipo kumbuyo kwake analembako ndi ulusi woyera mawu amene Mlongoti anasankha, akuti PANG'ONOPANG'ONO. Mawu amenewo anawawerenga ndi maso ake akulowa m'kanjiramo pa liwiro la mphepo.

"Msoko wanga sindingauiwale," anatero, n'kubweza phini kukamwa.

*

Kupolisi nthawi inkayenda ngati yatsikira m'uchi. Chokupizira mphepo cha padenga chinkazungulira mwaulesi, mapepala a patebulo akudzutsa makona n'kuwagonekanso. Mayi sajeni, mzimayi wa thupi lake ndi nsidze zosakhulupirira munthu, ankamwa tiyi. Anati nkhaniyi ndi yophweka ngati kusenda nthochi: njinga yake, chisoti chake, dzino ndi lake lomwe, ndipo dzino sililetsa dzanja kuba.

Tulo anapempha kuti aone njingayo, n'kulonjeza kuti akatero adzawakonzera mpando wawo umene unkalira nthawi iliyonse akapuma. Sajeni anati chimenecho ndi chiphuphu, koma anadzuka.

Podutsa pakhonde anamva mawu ochokera pakawindo ka chitolokosi. Mlongoti anachita kuwerama kuti nkhope ifike pazitsulo, tsaya lili lotupa.

"Alamu, mwadzuka?"

"Mwandidzutsa ndinu. Njinga inali bwanji m'mawa uja?"

Mlongoti anati inali yachilendo. Inkanyada. Pokhota inkachita ngati ikufuna kupemphedwa kawiri, ndipo hutala inkalira ngati yamwa madzi ozizira. Iye anangoti mwina ndi dzino lamusokoneza mutu.

Njingayo inali kuseri, pakati pa magalimoto akufa omwe udzu unamera m'mawindo mwake. Agulugufe oyera ankauluka pamwamba pa matayala akuphwa. Tulo anaisisita pathanki ngati ng'ombe yodwala, kenako anaika chala chake pamwamba pa chopanira, pamene mutu wa paipi unkayenera kutulukira.

Panalibe kanthu. Mitu ya mapaipi onse awiri inali yolingana ndi chopanira, ngati njinga yongotuluka kumene m'sitolo.

Anagwada n'kuitana sajeni kuti aone kunsi kwa chopaniracho. Paipi iliyonse inali ndi lamba wowala ngati siliva, kutambalala kwake chala chimodzi: pamenepo ndi pamene chopanira chinkaphimba zaka ziwiri zonse, fumbi osafikapo. Kunsi kwa lambayo kunali malo ena, zala ziwiri, pamene litsiro lakale linapalidwa posachedwa, n'kuthera pa kamzere katsopano kozungulira paipi. Anafotokoza kuti wina anamasula mabawuti, anaweramitsa njingayi mpaka zala zitatu kuti mapazi ake afike pansi ndiponso kuti izikhota ngati nsomba, ndipo atamaliza ntchito yake anaidzutsanso. Anawaonetsa madigadi, chotchinga matope cha pamwamba pa tayala: pamwamba pake panali chibowo chatsopano. Anawaonetsa hutala: kukamwa kwake kunali kophwanyika. Njinga ikawerama mopitirira n'kudumpha ngalande, madigadi amakwera n'kukamenya hutala. Ameneyo ndiye kho wa wamagalasi uja.

"Munthu wotalika ngati mlamu wanga akaweramitsa njinga zala zitatu, mawondo angamutseke makutu," anatero Tulo. "Ndipo akanaibweza yekha, akanaibweza pa chala changa. Amene anachita izi ndi wamfupi, ndipo anaibweza bwino kwambiri. Bwino mopitirira."

Sajeni anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati zala sizilumbira m'khoti. Amafuna munthu wa mutu ndi miyendo, apo ayi Mlongoti akwera galimoto ya mawa.

Tulo anakhala pansi, msana atatsamira tayala. Dzuwa linkadutsa m'masamba n'kumamuwaza timadontho pankhope. Anamva tulo tikubwera ngati madzi ofunda, ndipo sanatiletse. Msewu wake uja unatambasuka, woyera, wopanda maenje. Koma ulendo uno m'mbali mwa msewu munaima munthu, ndipo munthuyo ankalira ngati mabelu ang'onoang'ono akasuntha. Anali kufunsa mwaulemu, monga anafunsira tsiku lina mwezi wathawo, Tulo ali chigonere pabenchi: kodi amisiri, munthu wamfupi akafuna kuti njinga imumvere, amatani? Ndipo Tulo, osatsegula ndi diso lomwe, anayankha kuti amamasula mabawuti anayi n'kuiphunzitsa ulemu.

Anatsegula maso. Sanali mabelu. Anali makiyi.

"Mayi sajeni," anatero, "tiyeni tikankhe njingayi. Ikufuna kukaona kumene inagona."

*

Shedi inali yaitali, yamdima pang'ono, kuwala kukulowa m'mabowo a malata ngati timizati ta fumbi. Njinga zingapo zinaima pamzere, zina zitafundidwa masaka. A Makiyi anali pampando wawo pafupi ndi mgolo wa madzi, mkulu wamfupi waukhondo, imvi zili mbuu, mulu wa makiyi uli m'chiuno. Ataona yunifolomu anaimirira, makiyi aja n'kulira. Buluku lawo linali lopinda kawiri.

Sajeni anayang'ana bulukulo, n'kuyang'ana Tulo, n'kukweza mapewa. Amuna aafupi ndi ambiri padziko.

A Makiyi anabwereza zomwe ananena kale, mawu awo ofatsa ngati a munthu wopepesa maliro: kunabwera munthu pachipata, chisoti kumutu, iwo ndi maso awo ankhunguwa anangoti ndi mwini wake. Tulo anavomereza ndi mutu, nati ukalamba ndi wakuba woposa onse. Anakumbutsa sajeni, ngati nkhani yongocheza, kuti mkuluyu akafuna kuwerenga nambala ya pakiyi amatambasula dzanja mpaka kumalire a dziko. Za kutali amaona, anatero, ndi za pafupi zimene zimawavuta. Chipata chinali kutali ndithu.

Kenako anaimika njinga pakati pa shedi, n'kuyamba kuizungulira akudandaula. Anati iye za kuba alibe nazo ntchito, chimene chamupweteka ndi umbuli. Anati amene anagwira mafoloko awa ndi munthu wosadziwa kanthu, wongoona sipanala m'manja mwa anzake, mwina wokonza maambulera. Munthu wanzeru angasiye bwanji mapaipi olingana ndi chopanira chonchi? Njinga ya mtundu uwu mapaipi ake amayenera kutulukira chala chimodzi, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Anati akanakhala iye sajeni, akanamumanga munthuyo kawiri, poyamba chifukwa cha bokosi, kachiwiri chifukwa cha manyazi amene wachititsa zitsulo.

A Makiyi anayamba kusuntha mapazi. Pa unyamata wawo anayendetsapo njinga zaka khumi, ndipo nkhani imeneyo ankaiuza aliyense wosungitsa.

"Ayi amisiri, pamenepo mwalakwa ndinu," anatero potsiriza. "Buku limati azilingana."

"Buku liti, bambo?"

"La njinga yomweyi. Lili pansi pa mpando. Tsamba la makumi awiri ndi chimodzi, m'munsi mwa chithunzi."

Tulo anatsegula mpando, natulutsa kabuku kodetsedwa ndi mafuta, nakapereka kwa sajeni. Sajeni anapeza tsambalo, nalisendeza kumaso, nalitalikitsa, nalisendezanso. Zilembo zake zinali ngati mazira a nyerere.

"Munawerenga izi ndi nkhungu ija?" anafunsa sajeni.

Tulo anayang'anitsitsa nkhope ya mkuluyo. Pamphuno pa a Makiyi, uku ndi uku, panali timabowo tiwiri tofiira, tonga timene magalasi amasiya. Ndipo pathumba la malaya awo pankasuzumira kaulusi kofiira.

Mkuluyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatulutsa magalasiwo yekha n'kuwagwira m'manja awiri ngati kamwana ka mbalame. Anati bokosi lili kuseri kwa mgolo, ndipo mulibe chosowa kupatula awa. Sanafune bokosi lonse, koma sankadziwa nambala ya maso ake, ndiye anatenga onse kuti akayese payekha, popanda womuonerera. Anati chaka chatha anapitako kwa wamagalasi ngati munthu, ndipo anaimikidwa pakhonde n'kupatsidwa nyuzipepala. Iye sukulu anailawa pang'ono chabe, amawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Atafika pa liwu lina lalitali anaterereka, khonde lonse linaseka, wamagalasi n'kumuuza kuti vuto si maso. Anabwerera osagula.

"Lachiwiri lija nditavala awa," anatero, "ndinaona mizere ya m'dzanja langa. Ndinali nditaiiwala. Ndinaona kuti nyerere ili ndi chiuno. Ndinatulutsa kalata imene malemu mkazi wanga anandilembera tisanakwatirane, ndinaiwerenga katatu. Kenako ndinati ndibweze njinga ya mwana wa eni ake mmene inalili, koma ndinali nditaiwala kuti inali pati. Ndiye ndinati, lero ndili ndi maso, bwanji ndifunse buku."

"Mukanafunsa fumbi," anatero Tulo. "Buku limadziwa njinga zonse, koma iyi silinakwerepo."

Ananena mofatsa, chifukwa mumtima ankadziwa kuti mabawuti anayi aja anawatchula ndi pakamwa pake. Koma sajeni sanafatse. Anafunsa mkuluyo ngati m'magalasi ake atsopanowo anaonamo munthu wosalakwa akugona pasimenti ndi dzino lotupa. A Makiyi anawerama. Anati chimenecho ndi chokhacho chimene anayesetsa kuti asachione.

*

Dzuwa lisanalowe, onse anali kupolisi. Wamagalasi anawerenga katundu wake mokweza, napeza magalasi ake enieni, nawavala, n'kuzizwa kuona kuti mtambo uja unali mkulu amene amamudziwa. Sajeni analemba mawu a a Makiyi, nati lamulo likufuna kuti mwini mawu awawerenge yekha asanasaine. Anatenga magalasi a kaulusi aja patebulo n'kuwabwereka kwa mwini wake osamufunsa, nawapatsa mkuluyo.

A Makiyi anawerenga ataimirira, chala chikutsata mzere, mwala ndi mwala. Pa liwu lakuti ndinatsomphola anaterereka, nabwerera, naliwoloka. Wamagalasi anatsegula pakamwa, sajeni anamuyang'ana, iye n'kutseka. Palibe anaseka. Atamaliza anavula magalasiwo, nawapinda bwinobwino, nawabweza, ndipo maso awo anabwerera kutali.

Mlongoti anatuluka m'chitolokosi atawerama kuopa mphuthu ya chitseko. Mkazi wake anamugwira tsaya, iye n'kukuwa, mkaziyo n'kunena kuti ndiye kuti ndi yemweyo.

Kugalaja, Tulo anaika njinga pachitsa, namasula mabawuti anayi, nagogoda pang'ono mpaka lamba wasiliva uja analowanso m'chopanira. Anaika chala chake pamutu wa paipi yakumanja, kenako yakumanzere, n'kumanga. Hutala anaiwongola ndi pulayala mpaka chimfine chinatha. Mlamu wake anafunsa, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa, ngati sikukanakhala bwino kungoisiya mmene buku likunenera.

"Chala chimodzi, alamu. Mukanyada mukagunda thanki, mukawerama kwambiri mudzimenya nokha pakamwa."

Anapukuta manja, nagona pabenchi, naika sipanala pachifuwa. Msewu uja unali ukumudikira pomwe anausiya, ndipo patsogolo pake, kwa nthawi yoyamba, panali pokhota. Anamva dzanja likugwira chala chake cha kuphazi, koma silinakoke.

"Lero ndi Lachitatu, achimwene," anatero mlongo wake.

"Kuno kwafika kale Lachisanu," anayankha Tulo, n'kukhota osaponda pansi.